Firiza ya Malemu

Akazi anzanga amadandaula za apongozi, ena za zibwenzi za amuna awo. Ine mkazi mnzanga anali firiza. Inkakhala m'galaja, yoyera, yaitali ngati bokosi la maliro, ikung'ung'udza usana ndi usiku. Chimene ndinkafuna m'nyumba imeneyo chinali chaching'ono: kuti mwana wa mwamuna wanga adye chakudya cha manja anga, kamodzi kokha, n'kunena kuti chakoma. Mayina sinditchula. Amene amatidziwa atizindikira okha, ndipo ndatopa moti zimenezo sizikundiopsanso.

1

Ndinakwatiwa ndi bambo amene mkazi wawo anamwalira. Ntchito yawo ndi yokonza zamagetsi, munthu wa mawu ochepa, woti ukamufunsa kuti waswera bwanji amayamba waganiza kaye. Anali ndi mwana mmodzi, mtsikana wongoyamba kumene sekondale. Aliyense ankamutchula kuti Kashuga, dzina limene mayi ake anamupatsa poti ali wakhanda ankanyambita shuga m'chitini.

Tsiku limene ndinalowa m'nyumbamo, abambowo anandizunguliza zipinda zonse. Pomaliza anatsegula chitseko cha galaja.

"Zonse m'nyumba muno ndi zanu," iwo anatero. "Ichi chokha musakhudze."

Ndinayang'ana. Pulagi ya firiza inali yomangidwa ku soketi ndi tepi yofiira, yokulungidwa mosamala ngati bala.

"Muli chiyani?"

Anakweza chivindikiro. Utsi wozizira utachoka ndinaona timabokosi ta pulasitiki tosanjikizana mpaka pansi posaoneka. Pa chivindikiro chilichonse panali zolemba za dzanja limodzi, zopendekeka: makaroni a mu uvuni, nkhuku ndi mbatata, pudingi wa buledi.

Anandifotokozera kuti madokotala atamuuza malemu kuti palibenso chochita, iye sanagone pabedi kudikira. Anaitanitsa mpando wautali, kuuika pafupi ndi uvuni, n'kuyamba kuphika. Akapeza timphamvu ankaphika, akafooka ankagona pa tebulo la kukhitchini mpaka belu la uvuni limudzutse. Ankati mwana wake asadzasowe chakudya cha mayi ake msanga.

Ndinalira pomwepo m'galajamo. Mumtima ndinati mkazi uyu anali ndi chikondi chosowa. Sindinadziwe kuti ndikulirira munthu amene adzandilanda tulo.

2

Nyumbayo inali ndi lamulo lake. Kashuga sankalowa m'galaja ngakhale pang'ono. "Musadzandiuze kuti kwatsala tingati," anauza bambo ake. Akadwala, akakhala ndi mayeso, kapena likafika tsiku lake lobadwa, ankangoti, "Adadi, lero cha amayi." Abambowo ankapita kukatenga kabokosi kamodzi. Ntchito yanga inali kutenthetsa, kenako kutsuka kabokosiko n'kukaika pamwamba pa kabati.

Mukanamuona mmene ankadyera! Kasupuni kakang'ono, maso otsinzina, pudingi akumusunga m'kamwa ngati akuopa kumeza. Ife awiri tinkakhala chete ngati tili m'tchalitchi.

Changa chakudya ankangochitembenuza ndi foloko. Ndinayesa zonse. Ndimagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, kuima pa kauntala tsiku lonse, koma ndikaweruka ndinkafikira pa chitofu nsapato zili kuphazi. Iye ankadya masupuni awiri, n'kunyamuka kukapaka majarini pa buledi.

"Kashuga, sichinakome?"

"Ndakhuta, anti."

Anti. Dzina limenelo linandimatirira ngati chingamu pa nsapato.

Chaka chimenecho Kashuga anakhoza bwino mayeso a teremu yomaliza. Ndinati mpata ndi umenewu. Ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi, ndinagula nkhuku yonona, ndinaiphika pang'onopang'ono mu uvuni pamodzi ndi mbatata, karoti ndi anyezi, m'mbale yadothi yotsekera, mpaka nyama ikulekana ndi fupa yokha. Ndinayala nsalu yatsopano pa tebulo.

Kashuga ananunkhiza, n'kukankhira mbale kutsogolo.

"Adadi, mukanditengere cha amayi. Ichi chikumveka fungo la mankhwala."

Ndinayang'ana abambowo. Ndinkadikira mawu amodzi okha, ngakhale akuti "ulemu, mwana iwe." Iwo anapukuta manja, anakankha mpando, n'kulunjika ku galaja. Atabwera anandipatsira ine kabokosiko kuti nditenthetse. Ndinatenthetsa.

Sabata yotsatira sukulu inatsekera. Kashuga anapita kwa azakhali ake, abambowo anapeza ntchito yoika mawaya m'nyumba ina kutali, yoti akakhalako masabata angapo. Ndinatsala ndekha m'nyumba, ine ndi kung'ung'udza kuja. Zimene zinachitika pa tchuthi chimenecho ndikuuzani, koma mundilole ndiyambe ndapuma.

3

Kuyambira pamenepo, Lachitatu lililonse ndinkaweruka masana. Ndinagwirizana ndi mnzanga wa pa kauntala, amene timamutchula kuti Wailesi chifukwa akatsegula pakamwa m'mawa amatseka poweruka. Iye ankandigwirira Lachitatu, ine ndinkamugwirira Loweruka.

"Koma iwe, ndi ndani ameneyu wa Lachitatu?" ankandiseka. "Ena akakhala ndi chibwenzi amanenepa. Iwe ukungouma ngati mtedza wosiyidwa padzuwa. Musiye, sakukudyetsa!"

"Ndisiye, Wailesi."

"Nanga kabokosi kako kaja kali m'filiji ya antchito kadzachoka liti? Kamera mizu mu ayezi. Tsiku lina ndidzakadya ine."

"Ukadzakakhudza, chibale chatha."

Anandiyang'ana, anaona kuti sindikuseka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya sitoloyo Wailesi anazima.

Zaka zinapita. Kashuga anatalika kundiposa, masaya anadzaza. Poyamba ankapempha cha amayi ake mwa apo ndi apo, koma kenako anayamba kupempha pafupipafupi. Akakangana ndi mnzake, cha amayi. Kukazizira, cha amayi. Abambowo ankapita ku galaja, ankabwera ndi kabokosi, ine ndinkatenthetsa.

Tsiku lina, akupala pansi pa mbale ya pudingi, anandiyang'ana mwachifundo, chifundo chopweteka kuposa mwano.

"Musadandaule, anti. Si vuto lanu. Kuphika kotere munthu amabadwa nako."

"Zoona," ndinayankha. Miyendo inali itatupa, msana ukuwawa. Ndinatenga kabokosiko kukatsuka.

4

Atafika chaka chomaliza cha sekondale, Kashuga anayamba kundiyang'ana ndi diso lina. Madzulo ena ndikuchokera kubafa ndinamva mawu ake pabalaza. Ndinaima m'khonde la mkati, thaulo lili m'manja.

"Adadi, inu simuona? Lachitatu lililonse ndikamabwera ndimapeza mawindo onse ali pululu, ngakhale kukuzizira. Nyumba yonse apopera zonunkhiritsa. Zinyalala atataya kale. Iwowo atasamba, atasintha zovala. Ndinadutsa kusitolo kwawo Lachitatu lapitali, kunalibe."

Kashuga anakweza mawu.

"Amabweretsa mwamuna m'nyumba ya amayi anga!"

"Pita ukawerenge," iwo anatero. "Mayeso ayandikira."

Basi. Sananditeteze, sanandifunse. Usiku umenewo anagona chagada, n'kuyamba kuliza mkonono ngati munthu wopanda nkhawa.

Munthu wanzeru akanalekeza Lachitatu lotsatira. Koma mayeso anali pafupi, ndipo ndinkadziwa kuti masabata amenewo Kashuga adzapempha cha amayi ake pafupifupi tsiku lililonse. Ndinaweruka masana monga mwa nthawi zonse, ndinadzera kumsika, n'kupita kunyumba.

5

Sindinamve geti. Ndinangomva chitseko cha kukhitchini chikumenya khoma. Kashuga anaima pakhomo ali mu yunifolomu, akupuma mofulumira, dzanja lina atagwira malaya a bambo ake amene anachita kukawakoka kuntchito.

"Ali kuti?" anakuwa. "Mwamubisa kuti?"

Kenako anaona tebulo.

Panali timabokosi tondandalikidwa, zivindikiro zolembedwa ndi dzanja la mayi ake zili pambali. Makaroni anali akuzizira pawindo. Ine ndinali nditavala epuloni, chipande chili m'manja, ndikugawa pudingi wa buledi wotentha m'kabokosi kamene iye anadyeramo mwezi wathawo.

Belu la uvuni linalira, ndipo palibe anapita kukazimitsa.

"Anti, mukutani ndi timabokosi ta amayi?"

Ndinakhala pa mpando wautali uja wa malemu. Ndinali nditakonza mabodza ambiri oti ndidzanene tsiku ngati limeneli, koma onse anathawa. Kunena zoona, mumtima ndinamva kupepuka.

"Chakudya cha amayi ako chinatha kalekale, Kashuga. Ndinachiononga ine."

Ndinawauza zonse. Tchuthi chija, nditatsala ndekha, ndinalowa m'galaja, ndinamasula tepi yofiira ija, n'kuzula pulagi. Sinali ngozi. Sindinkafuna kulumikiza ayironi, magetsi sanazime. Ndinkangofuna kuti chinthucho chikhale chete. Ndinatseka galaja, ndinapita kwa mchemwali wanga, ndinakhalako masiku angapo kukutentha, ndikudya bwino ndi kugona tulo tabwino.

Nditabwerera, fungo linandichingamira pa geti. Nditakweza chivindikiro ndinagwada pansi n'kusanza, ndipo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Mayi wodwala anaphika zimenezo atatsamira tebulo, ine ndinaziwoletsa chifukwa cha mbale imodzi ya nkhuku. Ndinataya zonse, ndinatsuka timabokosi ndi sopo ndi mandimu mpaka manja anasupuka, ndikusamala kuti zolemba zisafufutike. Masiku onse otsala a tchuthi ndinaphika. Pamene iwo ankabwera, firiza inali yodzaza, tepi nditaikulunganso, ikung'ung'udza ngati kale.

"Ndiye chonse chimene ndakhala ndikudya..."

"Ndi changa."

Kashuga anatembenukira kwa bambo ake. "Adadi, mwamva? Mwamva zimene anachita?"

Abambowo anali akuyang'ana nsapato zawo.

"Tepi ija ndinakulunga ndine," anatero pang'onopang'ono. "Ine ndimakulunga kupita kumanja. Nditabwera ndinapeza yapita kumanzere."

"Munkadziwa?" Tinafunsa tonse awiri pakamodzi.

"Unkadya, mwana wanga. Unali utayamba kubwerera thupi. Ndikanati chiyani?"

Kashuga anathamangira kuchipinda kwake. Ine ndinatsala ndikuyang'ana mwamuna amene kwa zaka zonsezi ankandiona ndikubwera miyendo itatupa, ankamva mwana wake akundiuza kuti kuphika munthu amabadwa nako, ankamva ndikunenedwa za chibwenzi, iye n'kumangopita ku galaja kukatenga chakudya changa n'kundipatsa kuti nditenthetse. Ndinkayesa kuti katunduyo ndasenza ndekha poti palibe akudziwa. Ndinalibe mphamvu zokalipa. Ndinangonyamuka kukazimitsa uvuni.

6

Kashuga anasiya kundiyankhula. Mayeso analemba akudya buledi ndi tiyi. Tikakumana m'khonde ankadzipanikiza kukhoma kuti tisakhudzane.

Koma panali chinthu chimodzi chimene sindinawauze. Masiku angapo ndisanazule pulagi ija, ndinaba kabokosi kamodzi ka pudingi. Ndinkafuna kulawa ndekha, ndimve chimene mkazi ameneyu anali nacho choposa ine. Ndinakabisa m'filiji ya kuntchito, ndipo ndi kokhako kamene kanapulumuka. Miyezi yoyambirira ndinkapalako pang'ono ndi nsonga ya mpeni, kuika pa lilime, kuyerekeza ndi wanga, mpaka ndinafananitsa. Kenako ndinasiya kulawa. Theka linali likadalipo.

Atamaliza mayeso ndinakatenga. Wailesi anandithandiza kukagumula mu ayezi ndi supuni, osafunsa kanthu. Kunyumba ndinatenthetsa pamoto wochepa, ndinathira timkaka pang'ono kuti afewe, n'kukagogoda pa chitseko cha Kashuga.

"Uyu ndi wa amayi ako weniweni. Womaliza. Ndikulumbira."

Anatuluka patapita nthawi. Anakhala pa tebulo, bambo ake ali potero. Anatenga kasupuni kake kaja, anatsinzina, n'kuika m'kamwa.

Nkhope inakwinyika. Anatsegula maso, n'kuponya supuni pa tebulo.

"Mukundinamizanso! Uyu akuwawira. Muli makoko a lalanje. Amayi sankaika zimenezi!"

Abambowo anatola supuniyo, anatapako pang'ono, n'kulawa. Munthu amene sindinamuonepo akulira anaphimba nkhope ndi chikhatho.

"Ankaika, mwana wanga," anatero. "Ankapala lalanje lathunthu. Nyumba yonse inkanunkhira."

Apa m'pamene ndinakumbukira. Chaka choyamba nanenso ndinkapala makoko a lalanje, chopalira chikundisenda zala. Lachitatu lina ndinaiwala kugula malalanje, ndipo ndinali nditatopa kwambiri moti sindikanabwereranso kumsika. Ndinaphika choncho. Palibe anadandaula. Ulendo wotsatira ndinasiya dala. Kenako ndinachepetsa sinamoni poti ine sindimukonda, ndinawonjezera mkaka ndi mphesa zouma monga ndimakondera ine. Pang'onopang'ono, osafuna, ndinamuchotsa mayiyo m'mbale yake yomwe.

Kashuga anayang'ana bambo ake, kenako ine.

"Ndiye kukoma kumene ndimakumbukira ndikaganiza za amayi, ndi kwa ndani?"

Anakokera mbale ija pafupi, n'kuyamba kudya. Anadya yense, misozi ikugwera momwemo, akukwinya nkhope pa supuni iliyonse, mpaka anapala pansi. Kabokosiko anatsuka yekha n'kupita nako kuchipinda kwake.

7

Amene anazimitsa firiza ndi abambowo, Kashuga ataima pambali. Aka kanali koyamba kuti alowe m'galaja chimwalirire mayi ake. Firizayo ili pomwepo mpaka lero, yotsegula, tikusungiramo mawaya ndi mababu.

Kutatsala tsiku limodzi kuti apite ku koleji, anandipeza kukhitchini. Anaika malalanje awiri pa tebulo.

"Anti, mundiphunzitse pudingi. Wa amayi, mmene munkapangira poyamba."

Ndinamuonetsa. Ananyika buledi mu mkaka ndi mazira, anapala makoko yekha, chopalira chinamusenda chala, sanadandaule. Tikudikira kuti apse, ndinalimba mtima.

"Nanga wanga uja, Kashuga?"

Anayang'anitsitsa chitseko cha uvuni.

"Wanu ndi wokoma, anti. Ndi wokoma kuposa uyu. N'chifukwa chake sindikutha kukukhululukirani."

Mawu amene ndinawadikira zaka zonse zija ndinawamva tsiku limenelo. Ndinavula epuloni, ndinapita kukakhala pa bedi, ndipo sindinadziwe ngati ndilire kapena ndigone.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amene mwalowa m'nyumba mmene munali wina kale, sindikupatsani malangizo ambiri, poti amene anagwa m'dzenje sanyadira kuti amadziwa njira. Anthu akamva nkhaniyi amati tchimo langa linali kuzula pulagi. Limenelo ndi tchimo, sindikana. Koma lija la tsiku limodzi likanatha ndi kulira kwa mwezi umodzi, ndikanangonena. Chimene chinamulanda mwanayo mayi ake ndi ma Lachitatu aja, pamene ndinkadziona ngati ndikukonza zimene ndinaononga. Chakudya cha malemu chinayenera kutha, mwana alire, kenako amve njala, adye cha amoyo akudziwa kuti ndi cha ndani. Ine ndi bambo ake tinamumana zimenezo, aliyense ali chete pakona pake, tikuganiza kuti ndi chikondi.

Banja lilipobe, ngakhale mawu ndi ochepa kuposa kale. Lachitatu ndimagwira ntchito tsiku lonse. Kashuga amandiitanabe kuti anti. Akamabwera pa tchuthi ndimagula malalanje n'kuwasiya pa tebulo, ndipo amapala yekha.